Ndalama za gulu: tigule mankhwala kapena sikelo?

aBanda (Lusaka): Abale, ndalama tasonkha zija ine ndikuti tigule makatoni a Panado, amoxicillin ndi Coartem, titumize ku kiliniki ya kwathu. Amayi anga atapita kumeneko anawalembera mankhwala n'kuwauza kuti akagule ku Chipata. Munthu wokalamba akwere basi chifukwa cha mapilitsi?

Mai Tembo: Pepani aBanda ndi za amayi. Koma mankhwala a kiliniki za boma amadzera ku ZAMMSA, bungwe la boma logula ndi kugawa mankhwala, ndipo anesi sangalandire katoni iliyonse osadziwa komwe yachokera. Nanga akatha, tidzasonkhanso?

aZulu (nesi wopuma): Ana anga, ndilankhuleko. Wolemba mankhwala ku OPD, komwe amaonera odwala osagonekedwa, kaya ndi dokotala kaya clinical officer, salemba poyang'ana nkhope. Mwana wotentha thupi amayamba wabayidwa chala kuti aone ngati ndi malungo. Akapezeka nawo, Coartem amapatsidwa malinga ndi kulemera kwake: wa makilo 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, kuyambira 35 anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Tsono sikelo ya ana kwathu inawonongeka kalekale, amangofunsa zaka. Mwana wowonda ndi wonenepa a zaka zofanana safunika mlingo umodzi. Makina a BP nawonso ndi amodzi okha, akuyenda pakati pa OPD ndi amayi oyembekezera. Ine ndikuti tigule zimenezi.

aBanda (Lusaka): Zamveka agogo, koma sikelo sichiza munthu.

aZulu (nesi wopuma): Amoxicillin nayenso sachiza chimfine, mwanawe. Akachuluka pa shelefu anthu amakakamiza kuti awalembere, amamwa masiku awiri, otsalawo n'kusungira mwana wina. Mapeto ake mankhwalawo amasiya kugwira ntchito pa tsiku lomwe chibayo chenicheni chabwera. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Amake Dalitso: Ine ndili kuno kumudzi, ndivomereza za sikelo. Koma muganizirenso mabenchi. Timakhala padzuwa kuyambira m'mawa, polowa kwa adokotala mwana watopa, iwenso waiwala zoti ufotokoze.

aPhiri (wapampando): Zikomo nonse. Amake Dalitso, chonde mawa mukaonane ndi a in-charge, mkulu wa kiliniki, pamodzi ndi a komiti ya zaumoyo, atiuze okha chomwe chikusowa kwambiri. Za kusowa kwa mankhwala, aBanda, lembani kalata yoti tipereke kwa akhansala. Tivota Loweruka madzulo.