Matenti a gulu loyenda m'malire: tigule otani kuti asatithyole msana?

Phiri (Furancungo):
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Febuluwale tikuyamba kuyenda m'malire a midzi kuno ku Macanga, ntchito yoti midzi ipeze mapepala a DUAT ija, a ufulu wogwiritsa ntchito malo. Ndife anthu 6, amuna 4 ndi amayi 2. Galimoto imatitula pomwe msewu wathera, kuchoka apo ndi wapansi masiku 4 kapena 5, kugona kutchire, poti malire ambiri amatsata mitsinje ndi zitunda kutali ndi nyumba. Juni tidzakhala ku Tsangano, Okutobala kumunsi ku Chiúta. Matenti omwe tili nawo ndi a ndodo za faibala aja, imodzi makilo 4.6, komanso amadontha. Ndalama yogulira ena yapezeka, koma ndi ya kamodzi kokha. Tigule otani oti akwanire nyengo zitatu zonsezi?

Jere (Ulongwe):
A Phiri, musanayang'ane tenti, werengerani kaye katundu wa munthu mmodzi. Woyenda tsiku lonse m'mapiri asasenze kupyola gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwake. Wa makilo 65, malire ake ndi makilo 13. Tsono wonkhetsani: mochila (chikwama cha kumsana) yopanda kanthu makilo 1.5, madzi malita awiri 2, chakudya 2.5, GPS, tabuleti, power bank ndi mapepala 1.5, chofunda ndi chogonera 1.8, zovala 1.5, poto ndi mbale 0.5. Zakwana 11.3. Malo a tenti atsala makilo 1.7 basi, ndipo kwa munthu wa makilo 55 palibiretu, ameneyo mumuchotsere poto ndi chakudya china.

Ndiye gulani matenti 3 a anthu awiriawiri, iliyonse makilo 2 mpaka 2.4. Mmodzi asenze nsalu yakunja ndi zikhomo, mnzake yam'kati ndi ndodo, aliyense zimugwera kilo ndi pang'ono. Amayi awiriwo yawo, amuna ziwiri. Matenti 6 a munthu mmodzimmodzi mukawaphatikiza amalemera kuposa apa, ndalamanso zimapita zambiri.

Nambala ya pa katoni musaikhulupirire. Ambiri amalemba kulemera kwa nsalu ziwirizo ndi ndodo zokha, zikhomo, zingwe ndi thumba osawerengera. Onjezanipo magalamu 300 kapena 400, apo ayi pitani ndi sikelo yolendewera ija ya ogula soya mukayeze nokha.

Mbewe (Moatize):
Madala, bwanji osangotenga lona lopepuka la mamita 3 kwa 3, neti ya udzudzu ndi chingwe? Zonse sizikwana kilo ndi theka, anthu awiri agona bwinobwino, ndodo mudula pomwepo. Kunoko tenti yotseka ndi uvuni weniweni.

Nabanda (Tsangano):
Achimwene a Mbewe, mukuyankhula ngati munthu wa kuchigwa. Za lonazo n'zoona mu Okutobala. Mu Febuluwale mvula ya m'mapiri imabwera chopingasa ndi mphepo, imalowera m'mbali, pansinso madzi akuyenda. Neti ilibe pansi pake, ndiye linthumbu likapeza njira usiku palibe chomwe mungachite koma kuthawa. Zinkhanira ndi njoka sindinena. Pakufunika tenti ya pansi posokedwa pamodzi ndi makoma, pokwera m'mbali masentimita 10 mpaka 15 ngati beseni. Komanso amayi amafuna povalira.

Mbewe (Moatize):
Ndamva mayi. Koma lona limodzi atengebe la gulu lonse, pophikira ndi polembera mvula ikamagwa.

Jere (Ulongwe):
Apo ndiye mwanena. Limodzi la gulu, inde.

Phiri (Furancungo):
Ndaona ina ya nsalu imodzi yokha, makilo 1.3, akuti ya anthu awiri. Imeneyo bwanji?

Nabanda (Tsangano):
Imeneyo isiyeni. Kudontha komwe anthu amadandaula nako, kawirikawiri si mvula ayi, ndi mpweya wawo womwe. Anthu awiri akamapuma usiku wonse, kuphatikiza zovala zonyowa ndi chinyontho cha pansi, nthunzi imakwera n'kukagunda nsalu yozizira n'kusanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha poto. Mu tenti ya nsalu imodzi madonthowo ali pamutu panu, mphepo ikagwedeza amakugwerani, chofunda chikakhudza khoma chanyowa. Kuno Juni ndi Julayi m'madambo mumagwa chisanu choyera pa udzu, ndiye chofunda chonyowa si nkhani yoseka.

Ya nsalu ziwiri, madontho amakhala kunsi kwa yakunja n'kumatsetserekera pansi, inu muli m'kati mwa inayo. Koma zimatheka pokhapokha pakati pa nsalu ziwirizo pali mpata wokwana zala zinayi ponseponse. Zikakhudzana madzi adutsa. Onaninso kuti pamwamba pali timawindo tiwiri totsegula ndi kandodo, ndipo m'munsi mwa nsalu yakunja musamakanikize pansi, siyani masentimita 5 mpaka 10 kuti mpweya uzilowa pansi n'kutulukira pamwamba. Anthu akamva kuzizira amatseka paliponse, m'mawa n'kumati tenti yabooka.

Pomanga napo pamathandiza. M'mphepete mwa mtsinje ndi m'dambo ndi momwe mpweya wozizira ndi chinyontho zimasonkhana usiku. Kwerani pang'ono, pakati pa mitengo yamoyo, osati pansonga pa chitunda kapena pansi pa mtengo woima wokha nthawi ya ziphaliwali.

Nsalu yam'kati isakhale neti yokhayokha. Sankhani ya nsalu kuchokera pansi mpaka cha m'chiuno mwa munthu wokhala, neti kumtunda. Imatchinga mphepo ya kuno ndi fumbi la Okutobala, mpweya n'kumapitabe.

Sakala (Chifunde):
Ine ndinene za nsalu ndi ndodo, poti ndi zomwe zimabwera kudzakonzedwa.

Pa katoni mupeza nambala ya D ndi nambala ya mm. D ndi kunenepa kwa ulusi. 10D ndi 15D ndi zopepuka kwambiri koma minga ya mthethe imangodutsa ngati pa pepala. Yakunja ikhale 20D mpaka 40D, yapansi 40D mpaka 70D. Magalamu 200 omwe mungapulumutse pa nsalu yapansi mudzawalipira ndi zigamba. Nambala ya mm ndi kutalika kwa madzi omwe angaimikidwe mu paipi pamwamba pa nsaluyo isanayambe kudontha. Yakunja isachepere 2000, 3000 ndi yabwino. Yapansi 3000 mpaka 5000, chifukwa bondo kapena chigongono chikatsamira pa nthaka yonyowa chimakankhira madzi m'kati.

Nayiloni kapena poliyesita? Nayiloni ndi yolimba pong'ambika, koma imamwa madzi n'kutamuka. Mumanga yothina madzulo, pakati pa usiku yalendewera n'kukhudza yam'kati, mudzuke kukakokanso zingwe mvula ili mkati. Dzuwa limaithanso msanga. Poliyesita sitamuka kwenikweni, imauma msanga, dzuwa imalipirira bwinoko. Kwa ife a ku Tete, yakunja ikhale poliyesita.

Ndodo zikhale za aluminiyamu, zolembedwa 7001 kapena 7075, kunenepa mamilimita 8.5 kapena 9. Faibala imalemera, ndipo ikatopa imang'aluka mlitali ngati bango, zisongazo n'kuboola nsalu ndi manja omwe. Aluminiyamu imayamba yapindika. Ikathyoka mumalowetsa kapaipi kokonzera ka masentimita 12 kapena 13 pothyokapo, kukulunga tepi mbali zonse, ulendo n'kupitirira. Onani kuti kapaipiko kalimo m'thumba la zikhomo. Polumikiza, ndodo iliyonse ilowe mpaka kumapeto. Zambiri zimasweka pamlomo chifukwa choipinda isanalowe yonse, kapena chifukwa choiponya kuti lamba wam'kati aziilumikiza yekha.

Phiri (Furancungo):
Nanga zija zoimika ndi ndodo zoyendera, zopanda ndodo zakezake?

Sakala (Chifunde):
Zimapepuka, koma moyo wake wonse uli pa zikhomo. Chikhomo chimodzi chikazuka yagwa. Pa thanthwe kapena pa katondo wofewa ndi mvula mudzavutika. Tengani yoima yokha, ya ndodo ziwiri zopingasana, yomwe nsalu yam'kati imakoloweka ndi timbedza. Phindu lake lina ndi la ku Chiúta: kukatentha mumanga yam'kati yokha, yakunja kuisiya m'thumba, mwagona pa mphepo udzudzu uli kunja. Funso la a Mbewe lija layankhidwa pomwepo.

Nangozo (Domwe):
Vuto la zoterozo ndi kumanga mvula ikugwa, yam'kati imanyowa musanafunditse. Mankhwala ake ndi awa: yalani yam'kati, ifunditseni yakunja nthawi yomweyo, ndodo mulowetse chakunsi. Anthu awiri ozolowera amatha mphindi 5. Yesererani pabwalo la ofesi katatu, kamodzi usiku ndi tochi.

Muyeze ndi tepi, osadalira mawu oti ya anthu awiri. M'kati mukhale masentimita 210 mlitali, 125 kapena 130 mlifupi, 100 kupita m'mwamba. Zitseko ziwiri, chilichonse ndi khonde lake la masentimita 60 kapena kuposa. Nsapato zamatope ndi mochila zigone pakhonde. GPS, tabuleti ndi mapepala osainidwa ndi mafumu zilowe m'kati, m'thumba losalowa madzi, pakati pa ogonawo osati kukhoma. Mukazitulutsa kozizira kupita kofunda zisiyeni m'thumbamo kanthawi, apo ayi zimachita thukuta.

Jere (Ulongwe):
Zikhomo zobwera ndi tenti zambiri ndi tiwaya tozungulira, timazungulira m'dothi n'kuzuka. Gulani za aluminiyamu zooneka ngati V kapena Y, masentimita 15 mpaka 18, zokwana 12 pa tenti, ziwiri zapadera. Khomani mutu utapendekera kumbali yothawa tenti, chikhomo chilowe pafupifupi chonse. Osaponda ndi nsapato, ndi momwe zimapindikira. Pa nthaka youma gwa ya Okutobala misomali ya mainchesi 6 imalowa pomwe aluminiyamu yakana, tengani 4 pa tenti iliyonse, yokhoma m'makona, yambiri ndi mtolo. Pa mchenga mangani chingwe pakati pa kamtengo ka masentimita 30, kakwirireni chopingasa. Pa thanthwe, chingwe ku kamwala kakang'ono, chimwala chachikulu pamwamba pa chingwecho. Zingwe zonse 4 za m'mbali muzimanga tsiku lililonse, ngakhale kumwamba kuli mbee. Mphepo ya mvula simachenjeza, ndipo ndodo yopanda zingwe ndi yomwe imathyoka.

Mbewe (Moatize):
Pansi yalani pulasitiki yakuda ya omanga nyumba, ndi yotchipa, ikabooka mwasintha. Koma muidule yochepa ndi masentimita 5 mbali zonse. Ikatulukira kunja imalandira madzi a padenga n'kuwalowetsa kunsi kwanu, mugona pa dziwe. Sesani minga ndi zitsa musanayale. Pomwe pali njira za chiswe sunthani, makamaka ngati mugona pamenepo masiku awiri.

Phiri (Furancungo):
Pa calamidade, pamsika wa kaunjika, pamapezeka ena a mayina odziwika pa mtengo wotsika. Ndiyese?

Sakala (Chifunde):
Yesani ndi mphuno kaye. Kunsi kwa nsalu kumakhala utoto wa PU womwe umatchinga madzi. Ukakalamba, makamaka kotentha ndi konyowa, umawola: umanunkha ngati masanzi, umamata m'manja, kenako umasenduka ngati mfundudwa. Yoteroyo ngakhale dzina likhale lotani ndi chiguduli. Onaninso tepi ya pa misoko kunsi kwa nsalu yakunja, ikakhala yoyera mbuu n'kumatukuka m'mbali yatha. Imangeni pomwepo, muwerenge ndodo, mutsegule ndi kutseka zipi iliyonse kasanu, muyang'ane neti padzuwa. Wogulitsa akakana kuti muimange, musiyireni.

Yatsopano kapena yakale, musanapite nayo kutchire imangeni, munthu mmodzi alowe, wina athire ndi kheni ya kudimba mphindi 15, makamaka pamisoko, pa timawindo ndi pomwe zingwe zasokedwa. Podontha lembani ndi choko. Kakonzedwe kake kamatengera nsalu. Ya PU imafuna guluu wa misoko wa PU, wopaka kunsi. Yoterera mbali zonse ziwiri, yopanda tepi, ndi ya silikoni, pamenepo guluu wina sagwira: sungunulani silikoni yoonekera ija ya magalasi ndi aguarrás (mafuta osungunulira penti) mpaka izikhuthuka ngati uchi, pakani ndi kaburashi kunja kwa msoko tenti ili chiimire, iume pamthunzi maola 24. Mukasokoneza, silikoni pa PU imasenduka ndipo imasiya malo oti guluu woyenera sadzagwiranso.

Nabanda (Tsangano):
Ndiwonjeze za moto. Mbaula isalowe mu tenti kapena pakhonde, kaya kuzizire motani. Utsi wa makala wopha uja suoneka, sununkha, munthu amangopitirira ali m'tulo. Kandulo ndi koyilo ya udzudzu zimaboola nsalu ndi kamoto kamodzi. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu a DEET amasungunula utoto wa nsalu, sambani m'manja musanagwire. Nthawi ya lupsa lambulani udzu mamita 3 kuzungulira, moto wophikira ukhale kumbali yomwe mphepo ikupita.

Nangozo (Domwe):
Ndipo masana pasulani. Tenti yoima padzuwa la Okutobala sabata ndi sabata imafumbutuka chaka chisanathe. Ikapindidwa yonyowa m'mawa, yanikani pa nkhomaliro mphindi 20. Mukabwerera iume kotheratu, isungidwe momasuka m'thumba la nsalu, osati yothinitsidwa m'galimoto kapena m'sitolo ya malata. Yonyowa ikakhala masiku awiri atatu m'thumba nkhungu yalowa.

Phiri (Furancungo):
Zikomo akuluakulu, ndilemba oda mawa. Katsala kamodzi: zipi za matenti akalewa zimatseguka kumbuyo ukamatseka. Tisinthe zipi yonse? Ndikufuna akhale a pa kampu.

Sakala (Chifunde):
Ayi, mano ali bwino, chatha ndi kamutu koyenda kaja, fumbi lakakulitsa kukamwa. Tsukani zipiyo ndi mswachi ndi madzi, kabwezeni kamutuko poyambira, kapanani ndi pulayala chakumbuyo kwake, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, muyese. Mukapana kwambiri kamathyoka. Kakatero gulani kena ka nambala yomweyo, yalembedwa kunsi kwake, nthawi zambiri 5, ena 3. Girisi musapake, amakoka mchenga.