Galu wanga wayamba kukana kudumpha, ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali abale a mayi a kunyumba. Moni nonse. Ndimakhala pa Dedza boma, mbali ya kuphiri. Ndili ndi galu amene ndikumuphunzitsa masewera aja amati agility, omwe galu amadumpha zotchinga, kulowa m'chipaipi ndi kukhotakhota pakati pa timitengo, mwini wake akuthamanga pambali. Ndinaona mavidiyo pa YouTube ndipo zinandilowa mumtima. Loto langa n'loti ife okonda agalu a ku Dedza ndi ku Ntcheu tidzakumane pabwalo la sukulu, tipange kampikisano kathu. Sindikuseka ayi.

Galuyo ndinagula kwa mkulu wina pa Lizulu. Anandiuza kuti bambo wake ndi German Shepherd koma makutu mpaka lero ndi ogwa. Ndalama yake inali ya kachewere, ndiye mayi a kunyumba tsiku lililonse nyimbo ndi yomweyo, akuti bwenzi titagula feteleza. Mlamu wanga amene anabwera kudzafuna ntchito, ntchitoyo osaifunanso, akuti dzina la galuyo, Mudzatopa, ndikunena iyeyo. Eni nyumba akuti ndawaonongera bwalo chifukwa ndinakwirira matayala. Aneba akuti wawadyera anapiye, chonsecho mphamba amazungulira pano dzuwa lonse ndipo iwo amamuona.

Vuto ndi ili. Poyamba ankadumpha bwinobwino nsungwi imene ndimagoneka pamipando iwiri, ndipo ndinakweza mpaka kufika m'chiuno mwangamu. Pano akafika pansungwipo amaima, kenako n'kudutsa kunsi, apo ayi amathawa kukagona kuseri kwa bafa. M'mawa akamadzuka amatsimphina mwendo wakutsogolo, dzuwa likakwera amakhala ngati wasiya. Kudya akudya, nsima ya mgaiwa, usipa, dzira mwa apo ndi apo. Kodi ndi mwano, ndi chisanu cha kuno, kapena wina wamuchita chipongwe? Usiku sindikugona nazo.

Ankolo a ku Bembeke: Mlamuyo ndiye muyambe kumuphunzitsa, adumphe mpanda azipita kwawo kkkkk

Bigman wa ku Joni: ACHIMWENE MVERANI INE. Ndagwira ntchito yaulonda ndi agalu ku Johannesburg zaka zambiri, osati zongoonera pafoni. Choyamba, anakudyerani ndalama pa Lizulu, ameneyo ndi wa lokolo basi. Chachiwiri, agility si masewera a galu aliyense. Mu 2013 mpikisano wa agility wa dziko lonse lapansi unachitikira mu Johannesburg momwemo, kafufuzeni mtundu umene umalamulira pakati pa agalu akuluakulu, ndi Border Collie. Ku South Africa kuli bungwe lolembetsa agalu la KUSA, lakhalapo kuyambira 1891, agalu ali ndi mapepala mpaka a agogo awo. Inu mukufuna kufika kumeneko ndi nsungwi ndi usipa? Chachitatu, galu wanuyo wakuyezani waona kuti ndinu ofewa. Muikeni pa tcheni, mumumane chakudya tsiku limodzi, mawa lake adumpha yekha.

Mlangizi Wopuma: Bambo, mwatiuza za mlamu, za eni nyumba ndi za anapiye, koma simunatiuze kuti galuyo ali ndi miyezi ingati. Yankho lagona pamenepo. Pakadali pano chotsani nsungwiyo, asadumphenso.

Mayi Nachisale: Koma abale dziko likupita kuti? Ana a anzanu akupita kusukulu osalawa phala, inu dzira kumapatsa galu. Mkazi wanu akunena zoona za fetelezayo. Mvula ikagwa mudzathira galu m'munda?

Mtsikana wa ku Mphate: Mayi, ndalama ndi yawo, kachewere analima okha. Ena amathera ndalama ku mowa ndi ku beti simuwafunsa.

Mayi Nachisale: Iwe mwana ndiyankhe mwaulemu, ndine msinkhu wa mayi ako.

Mtsikana wa ku Mphate: Pepani mayi ngati ndalankhula mokweza, koma munthuyu wafunsa za mwendo wa galu.

Mlenje wa ku Tsangano: Ine ndikumva chisoni ndi onyoza agalu a lokolo. Mpikisano wa agalu kumudzi kuno unalipo makolo athu asanaone foni. Kalulu akadzambatuka pathengo mpamene timadziwa galu weniweni, amene amadziwa kudulira kutsogolo osati kungotsatira fumbi. Anga ndi achikuda okhaokha, amadya madeya, koma ndikaimba mluzu kamodzi amabwerera ngakhale ali kutsidya kwa dambo. Achimwene ofunsa, mugonekeni galuyo muone kuphazi. Tsegulani pakati pa zala, mumabisala minga ndi nkhupakupa, nthawi zina chikhadabo chimang'aluka. Nyengo ino nthaka yauma gwa, phazi limachita ming'alu.

Bigman wa ku Joni: Madala a ku Tsangano, kuthamangitsa kalulu si sipoti, ndi njala. Sipoti yeniyeni ya agalu ndi IGP ya ku Germany, kale ankati Schutzhund. Magawo atatu: kulondola fungo, kumvera, ndi kugwira munthu wovala chotchinga pamkono. Galu wake ndi German Shepherd kapena Malinois. Anuwo akaona Malinois akodza.

Mlenje wa ku Tsangano: Malinois wanuyo ali kuti? Tiikireni chithunzi. Nonse obwera ku Joni nkhani zimakhala zambiri, katundu munasiya pa Beitbridge.

Mnyamata wa Kabaza Linthipe: Alenje inu ndi amene mumatentha tchire chaka chilichonse chifukwa cha kalulu mmodzi. Ndipo musamalowe nawo agaluwo ku Chongoni, ndi nkhalango yotetezedwa ija.

Mlenje wa ku Tsangano: Otentha ndi ana osaka mbewa, musatinamizire.

Make Chisomo: Ine nkhani ya agalu ndikaimva thupi limachita tsembwe. Mwana wanga analumidwa pa ntchafu akuchokera kusukulu, galu wa munthu amene ankati "saluma ameneyu". Titafunsa za katemera mwini wake anangoti kakasi. Pachipatala chapafupi mankhwala a chiwewe panalibe, tinachita kukwera minibasi kukawapeza kwina, ndipo si jakisoni mmodzi, umabwererako kangapo. Mwini galu sanapereke ngakhale ya thiransipoti. Ndiye inu mukuti musonkhanitse agalu pabwalo la sukulu pomwe pamasewera ana? Galu aliyense abwere ndi chiphaso cha katemera wa chiwewe, apo ayi ine ndidzakhala woyamba kukanena kwa amfumu. Ndipo amene walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala, osadikira kuti tione kaye.

Ankolo a ku Bembeke: Chisanu cha pa Dedza mu Julayi ngakhale ine m'mawa ndimatsimphina. Mugulireni juzi pa kaunjika.

Dalaivala Wanu: Mupatseni brufen theka m'nsima, wanga anachira ndi zomwezo.

Mlangizi Wopuma: Ayi bambo, brufen musayerekeze. Kwa galu amaononga m'mimba ndi impso, ena amafa nazo. Wanuyo anangopulumuka. Mankhwala a anthu musapatse galu popanda wa zaziweto kunena. Ofunsa, ndikubwerezanso, ali ndi miyezi ingati?

Agalu Ogulitsa Ntcheu: Ana a Boerboel alipo, makolo onse mutha kudzawaona. Inbox okhawo ali serious.

Bigman wa ku Joni: Boerboel pa agility?? Galu wolemera ngati thumba la simenti adutsa bwanji pa timitengo? Gulitsani kwa ofuna mlonda.

Mtsikana wa ku Mphate: Achimwene ofunsa, ine ndimachita zomwezi ndi galu wanga wa lokolo kuseri kwa nyumba, ndiye musagwe mphwayi ndi mawu a Bigman. Masewerawa anayambira ku England, pa chionetsero cha agalu cha Crufts mu 1978, ndipo m'mayiko ambiri agalu osakanizika mitundu amapikisana nawo. Chimene chandidetsa nkhawa ndi msinkhu wa nsungwi yanu. Pa malamulo a FCI, bungwe loona za agalu padziko lonse lapansi, agalu aatali kwambiri amadumpha masentimita 55 mpaka 60 basi. Kwa munthu wamkulu pamenepo ndi cha pamwamba pa bondo, inu mwafika m'chiuno. Chinanso, kamtengo kodumphako kamayenera kugwa galu akakagunda. Ngati nsungwi yanu mwaimangirira kumipando, akaiphonya amadzipweteka, ndipo galu akapwetekapo kamodzi amapaopa. Kudutsa kunsi kuja si mwano.

Akachira muyambirenso pansi penipeni, nsungwi ili gone padothi, azingoilumpha poyenda. Mphindi 5 zakwana, nthawi yoti sanadye, usipa muduledule m'thumba, akachita bwino mumupatse pompo osati pakapita nthawi. Musiye iye akadafunabe. Ndipo musanafike pa zodumpha, aziyamba wabwera mukamuitana ngakhale pali nkhuku, chifukwa pampikisano galu amathamanga wopanda chingwe ndipo simuloledwa kumugwira. Timitengo tokhotakhota timakhala 12, kutalikirana masentimita 60, koma timeneto n'ta pambuyo.

Bigman wa ku Joni: Mlongo, zimenezo ndi za pa Google. Galu wa usipa m'thumba amamvera usipawo, osati iwe. Tsiku lomwe ulibe usipa adzakuyang'ana ngati sakukudziwa. Ife tinkagwira agalu oti akakuluma mkono umathyoka, ndipo palibe ankayenda ndi nsomba m'thumba. Galu aziopa mwini wake. FULL STOP.

Mtsikana wa ku Mphate: Usipawo umachepetsedwa pang'onopang'ono akazolowera, ena amasintha n'kuyamba kumupatsa mpira. Galu wamantha amathamanga akuyang'ana dzanja lanu, ndiye pa liwiro mwaluza kale. Agalu a pageti ndi a masewera ntchito zawo n'zosiyana, achimwene.

Bigman wa ku Joni: Uli ndi zaka zingati iwe?

Make Chisomo: Agalu omenyedwa ndi omangidwa tsiku lonse ndi omwewo akamasuka amaluma ana athu. Ena mpaka kumawadyetsa tsabola ndi chamba kuti alimbe mtima. Mulungu akuoneni.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mayi Nachisale, feteleza ndigula, makuponi kapena ayi, banja langa silinagonepo ndi njala. Bigman, ngakhale akhale wa lokolo ine ndimamukonda, ndipo kumumana chakudya sindingathe. Kuphazi ndaona monga ananenera alenje, minga mulibe, ndachotsa nkhupakupa m'khutu. Nsungwi ndinamanga ndi linya kuti isamagwegwe. Za msinkhu, ndi wamkulu ndithu, amandifika m'mawondo. Koma pali china chandiwawa. Ndatola mano ake awiri pakhonde, ting'onoting'ono tosongoka, ndipo pa chingwe chimene amatafuna pali magazi. Ine ndikukayikira mwana wa aneba aja, amakonda legeni. Mlamu naye waiona positiyi, wazindikira dzina la galu, pano sakundiyankhula. Kodi ndipite kwa aneba kapena ndiyambe ndauza eni nyumba?

Ankolo a ku Bembeke: Kubisa dzina lanu n'kuulula la galu kkkkk akulu inu

Mlangizi Wopuma: Kwa aneba musapite bambo, mukayambana nawo pachabe. Mano ang'onoang'ono osongoka amenewo ndi aubwana, amachoka okha. Kagalu kamakhala ndi mano 28, ndipo kuyambira miyezi 3 kapena 4 mpaka cha pa 6 amagwa, m'malo mwake mumamera 42 a ukulu. Timagazi pa chingwe n'tochokera m'nkhama. Ngati ndi choncho, Mudzatopa ndi mwana, mwina sanakwane n'komwe miyezi 7, kutalika kwa miyendo kusakunamizeni. Nawo makutu a mtundu umene munauzidwawo amachedwa kuima nthawi ya mano, ndiye za pa Lizulu musaweruze msanga.

Mafupa a galu wotere amakhala asanakhwime kumapeto kwake, amamaliza akakwana chaka, agalu akuluakulu mpaka chaka ndi theka. N'chifukwa chake pa mipikisano ya FCI salola galu wosakwana miyezi 18. Kutera pa dothi louma kuchokera msinkhu wa m'chiuno, kulemera konse kumagwera miyendo yakutsogolo, womwewo ukutsimphinawo. Mpumitseni, aziyenda pang'ono pa chingwe, azigona pa thumba kapena chibulangete osati pa simenti. Pitani naye ku ofesi ya zaziweto akamugwire mwendowo, makamaka ngati patupa kapena akulira mukakhudza. Komweko mufunse katemera wa chiwewe, amayamba pa miyezi 3, wa matenda a agalu otchedwa parvo, ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Simunanene ngati analandirapo.

Bigman wa ku Joni: Ndiye bwino ali mwana! M'mera mpoyamba. Mukamulera ngati khanda pano, pa chaka adzakukwerani pamutu. Madala opuma inu munazolowera kubaya ng'ombe, za agalu a ntchito tisiyireni.

Mlangizi Wopuma: Kuphunzira ayambe lero lomwe, kukhala pansi, kudikira, kubwera akaitanidwa, kulowa m'tayala lili pansi. Chimene ndakana ndi kudumpha. Galu wothyoka mwendo ali mwana ndamuonapo kangapo, sabwereranso mwakale.

Membala wobisa dzina: Nanga matayala ndinakwirira aja ndifukule? Eni nyumba abwera Loweruka.

Mtsikana wa ku Mphate: Ngati ndi oti azidutsa mkati akuyenda asiyeni, ngati ndi odumpha fukulani. Linya lija dulani lero. Za kampikisano ine ndilipo, tingayambe ndi wa kumvera okhaokha, ana a agalu atha kulowa nawo.

Mayi Nachisale: Mphotho yake idzakhale thumba la feteleza, mwina mkazi wa munthuyu n'kupumako.

Bigman wa ku Joni: Woweruza ndidzakhale ine, palibe wina pano anaonapo mpikisano ndi maso.

Mlenje wa ku Tsangano: Woweruza wopanda galu ayi. Bwerani ndi Malinois wanuyo pa Lizulu tsiku la msika, ine ndibwera ndi wanga wamkazi. Tiwamasule pafupi ndi ogulitsa nyama, aliyense aitane wake kamodzi, tione amene abwerere.

Make Chisomo: Pamsika pali ana. Mukamasulirane kudambo kwanuko, ndipo ziphaso za katemera muyambe mwaika pano tizione.