Funso: diresi la Eleonora di Toledo pa chithunzi cha Bronzino

Akatswiri ojambula ndi penti wa mafuta, ndithandizeniko pa chithunzi chimene Bronzino, wojambula wa ku Italy, anajambula cha m'ma 1545, chomwe chili ku Uffizi, nyumba yoonetseramo zithunzi mu mzinda wa Florence. Chikuonetsa Eleonora, mkazi wa Cosimo I de' Medici, wolamulira wa Florence nthawi imeneyo, atakhala ndi mwana wake wamwamuna, dzanja lili paphewa la mwanayo. Apa uthenga ndi woonekeratu: banja la Medici lili ndi wolowa m'malo.

Chovuta ndi diresi. Nsalu ndi ya silika woyera, yokhala ndi mizere yakuda yopotanapotana komanso makangaza agolide, chizindikiro cha kubereka. Pokopera chithunzichi, makangaza aja amangooneka ngati omatidwa pamwamba, satsatira makwinya a nsalu. Kodi tiyambe ndi mithunzi ya nsalu yoyera, iume kaye, kenako maluwa pamwamba? Kapena zonse zilembedwe limodzi poyamba? Nanga pojambula timalupu ta ulusi wagolide ta pa nsaluyi, timadontho ta penti wachikasu pamwamba pa wofiirira tingakwane?

Ngale nazonso zimavuta. Zili m'khosi, m'makutu ndi pa ukonde wa kumutu, ndipo ukaika kadontho koyera kamodzi kokha zimaoneka ngati mikanda yapulasitiki.

Funso lomaliza ndi la mbiri. Manda a Eleonora atatsegulidwa mu 1857, anthu ankati anaikidwa atavala diresi lomweli, koma zinadziwika pambuyo pake kuti linali lina. Ndiye kodi Bronzino anaona diresi losokedwa, kapena anangopatsidwa kansalu kachitsanzo?