Chiliza cha Agogo: ndalama za ku Joni zili pati?

LACHIWIRI

18:04 Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Ndangochoka kwa mmisiri uja. Akuti ngati tikufuna chiliza chithe mvula isanagwe, ndalama ya simenti, mchenga ndi matailosi ikhale m'manja mwake pofika pa 20. Zonse pamodzi ndi chakudya cha tsikulo ndi K1,500,000. Ine ndili ndi K640,000 basi.

18:06 Amayi Aang'ono: Ine ndinapereka kale mu Julaye. Ika mndandanda pano aliyense adzione yekha.

18:11 Msungichuma: Amene amaliza K150,000 yawo: Amalume, Amayi Aang'ono, asuweni a ku Manchester, ine. A ku Kasungu apereka K40,000. Za ku Joni ndi ku Cape Town zili kwa achimwene, sizinandipeze. A ku Mzuzu sindinamve kalikonse.

18:12 Amayi Aang'ono: A ku Mzuzu akuwerenga. Matiki akuchita buluu, ndikuwaona.

18:20 Alamu a ku Kasungu: Yotsalayo ibwera, tikugulitsa nkhumba Loweruka.

18:47 Amalume: Mphwanga wa ku Joni, ndalama za abale ako zili pati?

19:30 Achimwene a ku Joni: Zilipo amalume, R6,350. Koma ndisanapite ku Mukuru ndimafuna tikambirane kaye. Mukuona nokha kuti sizikukwana. Pali mnzanga wa kuntchito anandionetsa njira ya roulette, masewero a gudumu ndi kampira a ku kasino aja. Umaika R50 pa chofiira. Ukadyedwa umaika R100. Ukadyedwanso R200. Nthawi imene wawina, zonse zimabwerera ndi R50 pamwamba, uyambirenso. Loweruka lapitali ndinatuluka ndi R400 ola lisanathe. Mutandipatsa masabata awiri ndikhoza kuifikitsa pa R12,000, a ku Mzuzu osawavutitsanso.

19:31 Achimwene a ku Joni: Komanso pa foni pali pulomoshoni, ukaika R1,000 akukuwonjezera R1,000 yaulere.

19:33 Amayi Aang'ono: Juga? Ndalama za manda a mayi anga zipite ku juga?

19:35 Achimwene a ku Joni: Si juga ngati kandege amayi. Kandege ndi mwayi chabe. Iyi ndi masamu.

19:36 Amayi Aang'ono: Ine ndinapereka kale. Ndinagulitsa matumba atatu a chimanga.

19:52 Mzime wa ku Zomba: Achimwene, pepani ndilankhuleko, poti mwatchula masamu. Gudumu lija lili ndi tizipinda 37, kuyambira 0 mpaka 36. Tofiira 18, takuda 18, ndiye ka 0 ndi kobiriwira. Kampira kakagwera pa 0, woika pa chofiira ndi woika pa chakuda onse adyedwa. Ndiye inu muli ndi tizipinda 18, eni kasino ali ndi 19. Pa R37 iliyonse yodutsa patebulo, R1 imatsalira iwowo, mukawerengera nthawi yaitali. Kuwirikiza ndalama sikuchotsa ka 0 kaja pagudumu.

19:54 Achimwene a ku Joni: Mphwanga, za m'kalasi ndi za patebulo n'zosiyana. Ine ndaziona ndi maso.

19:58 Mzime wa ku Zomba: Tawerengani nane. 50, 100, 200, 400, 800, 1,600, 3,200. Phatikizani. Ikukwana R6,350 ndendende. Mukadyedwa ka 7 motsatizana, ndalama ya banja lonse yatha, ndipo ulendo wa 8 ukufuna R6,400 imene mulibe. Taganizaninso pamene mwafika poika R3,200 paja. Mukuika R3,200 kuti mupeze phindu la R50.

20:01 Achimwene a ku Joni: Ka 7 motsatizana? Sizingachitike.

20:09 Mzime wa ku Zomba: Zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 106 alionse amene mwayamba ndi R50. Kuti muwirikize R6,350 pomapeza R50 R50, mufunika maulendo 127. Ndawerengetsera, mwa anthu 10 oyesa zimenezi, 7 amakumana ndi tsoka la ka 7 lija asanafike. Njirayi ili ndi dzina, amaitcha Martingale, ndipo ndi yakalekale. Eni makasino amaidziwa kuposa ife, n'chifukwa chake tebulo lililonse lili ndi malire a ndalama imene munthu angaike. Ngakhale mutakhala ndi thumba lalikulu, pali pamene amakuuzani kuti simungawirikizenso.

20:10 Amayi Aang'ono: Mwamumva mwanayo. Sukulu sitinalipire pachabe.

20:24 Alamu a ku Kasungu: Kodi nsalu ija tinagwirizana yanji? Akazi anga akufunsa, telala akufuna nthawi.

20:26 Msungichuma: Yabuluu ya maluwa oyera ija. Koma nsalu aliyense agula yekha, si za m'thumba la chiliza.

20:27 Amayi Aang'ono: Mayi sankakonda buluu. Ankakonda yobiriwira, funsani aliyense.

20:29 Msungichuma: Amayi, tinavota mu Ogasiti.

20:30 Amayi Aang'ono: Ine foni inali kotchajitsa tsiku limenelo.

20:41 Msuweni wa ku Cape Town: Nsalu tikambirana mawa. Asuweni, R2,000 yanga ili mu R6,350 imeneyo, ndipo ndinaitumiza kuti ipite kumudzi. Ine ndinagwirako ntchito yoperekera zakumwa mu kasino miyezi isanu ndi itatu. Pambali pa gudumu pamakhala chikwangwani cha magetsi choonetsa manambala amene angotuluka kumene. Ndinkaona bambo wina wachikulire, tsiku ndi tsiku ali ndi kakhadi ndi bolopeni, kulemba nambala iliyonse. Chakuda chikatuluka kasanu ankaimirira, kukankhira mulu wonse pa chofiira. Tsiku lina ndinamubweretsera tiyi, anamusiya mpaka kuzizira, manja akunjenjemera, akupempha mnzake ya takisi. Kakhadi ndi bolopeniyo anamupatsa ndi eni malowo, ulere. Zikanakhala zowaluzitsa akanamapereka?

20:44 Achimwene a ku Joni: Koma chakuda chikabwera kasanu, chofiira chimakhala chayandikira. Izi n'zodziwikiratu.

20:50 Mzime wa ku Zomba: Kampira sikakumbukira kumene kanagwera, achimwene. Ulendo uliwonse mwayi ndi womwewo, 18 pa 37. Mu 1913 ku Monte Carlo chakuda chinatuluka ka 26 motsatizana. Anthu ankaunjika ndalama pa chofiira akuti tsopano ndiye chibwera, ndipo anataya chuma chambiri usiku umodzi.

20:52 Amayi Aang'ono: Tisabwereze za malata zija chonde.

20:53 Achimwene a ku Joni: Amayi, za malata sindinali ndekha.

20:55 Amalume: Zakale zisiyeni.

20:56 A ku Mzuzu atuluka m'gulu

20:57 Amayi Aang'ono: Mwaona? Ine ndinanena.

21:03 Msungichuma: Mwina asindikiza molakwitsa. Ndiwabwezera mawa.

LACHITATU

05:48 Amalume: Mwadzuka bwanji. Dzulo ndinakaonana ndi amfumu za kumanda, avomera tsiku lathu. Adzukulu akufuna nkhuku ziwiri ndi ufa pa tsiku lolambula. Mbuzi ya tsiku la mwambo ndipereka ine.

06:15 Alamu a ku Kasungu: Zikomo amalume. Mbuzi imodzi ikwana? Akwaya okha ndi anthu 30.

06:17 Amayi Aang'ono: Pa maliro paja ndiwo zinatha alendo a ku Ntcheu asanadye. Sindikufuna manyazi amenewo kawiri.

06:40 Msungichuma: Nyemba ndi kabichi zidzakhalapo. Koma abale, popanda simenti palibe chimene tidzadyere mbuzi. Achimwene, tayankhani.

07:22 Msuweni wa ku Manchester: Moni nonse, ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Asuweni a ku Joni, nditumizireni malamulo a pulomoshoni ija. Amakhala m'munsi, tizilembo ting'onoting'ono.

07:58 Achimwene a ku Joni: Ndatumiza ku inibokosi.

08:19 Msuweni wa ku Manchester: Ndawerenga. R1,000 yaulereyo simungaitapeko mpaka mutabetcha ndalama yokwana ka 30 ka bonasiyo. Ndiye kuti R30,000 idutse m'manja mwanu. Mzere wotsatira akuti roulette imawerengedwa 10 pa 100 yokha. Mukaika R100 pa roulette iwo amalemba R10. Ndiye pa roulette mufunika kubetcha R300,000, ndipo akupatsani masiku 7. Pali mzere winanso woletsa kuika yopitirira R50 pa ulendo umodzi pamene bonasi ikugwira ntchito. Njira yanu yowirikiza ija yafera pomwepo.

08:26 Mzime wa ku Zomba: Ndipo R300,000 ikadutsa pagudumu la tizipinda 37, gawo la eni ake ndi pafupifupi R8,100. Akukupatsani R1,000 kuti akatenge yoposa R8,000.

08:31 Msuweni wa ku Manchester: Kuno mashopu obetchera ali m'misewu ikuluikulu yonse, ndipo muli makina a roulette. Kale munthu ankatha kuika £100 pa ulendo umodzi, kudina kamodzi kokha. Anthu anatha nazo mpaka boma linatsitsa malire kufika pa £2 mu 2019. Ndili ndi mnzanga wa kuntchito, mwamuna wake anayamba ndi bonasi yomweyi. Lero malipiro ake amalandirira mu akaunti ya mchemwali wake kuti lendi ipulumuke. Sindikunyozani asuweni, ndikuopa.

08:33 Amayi Aang'ono: Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tumiza ndalamazo mmene zilili. Ine ndinapereka kale, matumba atatu.

08:50 Achimwene a ku Joni: Nonse mukundiona ngati wakuba. Ine ndimafuna kuthandiza. Chaka chatha mankhwala a agogo ankagula ndani mwezi ndi mwezi? Nthawi imeneyo gululi linali zii.

08:54 Msungichuma: Palibe wakutchulani wakuba achimwene. Za mankhwala tonse tikudziwa ndipo tinathokoza. Koma ndalamayi ndi ya anthu anayi, si yanu nokha.

08:55 Amayi Aang'ono: Wogona nawo kuchipatala masabata atatu pansi pa bedi anali ndani?

09:02 Amalume: Mlongo wanga, takhala chete pang'ono. Mphwanga, ndikufunsa kamodzi. Ndalama zonse zilipo?

09:40 Msuweni wa ku Cape Town: Awerenga koma sakuyankha.

10:15 Alamu a ku Kasungu: Kodi pa 20 ndi tsiku la mwambo kapena la ndalama? Ndasokonezeka.

10:17 Msungichuma: La ndalama, alamu. Mwambo ndi Loweruka loyamba la Novembala.

10:18 Msungichuma wabwezera A ku Mzuzu m'gulu

12:36 Mlamu wa ku Joni: Moni amalume, moni apongozi, moni nonse. Ine sindilankhulalankhula pano, koma bambo a kwathu andilola ndinene. Lamlungu usiku anabwera cha m'ma 2 koloko, anakhala pampando osavula nsapato mpaka kunja kunacha. Ndalama ili mu envulopu m'chikwama changa tsopano. Ndawerenga kawiri, ndi R4,800.

12:38 Amayi Aang'ono: Mayo ine.

12:44 Mzime wa ku Zomba: Yasowa R1,550. Ndiye kuti 50, 100, 200, 400, 800. Kasanu.

12:59 Achimwene a ku Joni: Eya, kasanu. Wachinayiwo kanagwera pa 0. Ndinali nditagwira R1,600 m'manja kuti ndiike, koma ndinaona envulopu ya msuweni wa ku Cape Town, dzina la agogo analilemba pamwamba ndi bolopeni yofiira. Ndinatuluka. R400 ya Loweruka ija inali itapita kale. Ndimati mukandilola ndibweze mwakachetechete musanadziwe. Pepani amalume. Pepani nonse.

13:01 Amayi Aang'ono: Ndiye dzulo umatipempha chilolezo cha chinthu chimene unachita kale?

13:04 Msuweni wa ku Cape Town: Zandipweteka asuweni, sindinama. R2,000 imeneyo ndi masiku ambiri oimirira. Koma mwachita bwino kutuluka muli ndi R4,800. Musabwerereko kuti mukabweze yotayikayo, bambo wa kakhadi uja ankabwera tsiku lililonse chifukwa chomwecho.

13:10 Msuweni wa ku Manchester: Ndipo apu ija ifufuteni lero. Azikutumizirani mauthenga a bonasi ina, makamaka kumapeto kwa mwezi. Alamu, muone nokha kuti yachoka mu foni.

13:12 Mlamu wa ku Joni: Tafufuta limodzi. Ku Mukuru ndipita ndine ndikaweruka.

13:30 Amalume: Mphwanga, wanena zoona, ndamva. R1,550 ubweza pa malipiro a mwezi uno, upereke kwa akazi ako, iwo atumize kwa msungichuma. Zina tidzakambirana pamaso ukabwera, osati pa foni. Kuyambira lero ndalama ya banja isagone m'nyumba ya munthu, aliyense azitumiza yekha kwa msungichuma tsiku lomwelo.

13:33 Achimwene a ku Joni: Ndamva amalume.

13:34 Amayi Aang'ono: Pa malata paja tinanenanso zomwezi.

13:35 Amalume: Mlongo wanga.

17:52 Mlamu wa ku Joni: Ndatumiza. Alamu, nambala yotengera ndaika ku inibokosi kwanu.

18:20 Msungichuma: Ndaiona, ndikatenga mawa m'mawa ndipo ndidzaika risiti pano. Simenti ndigula mawa lomwelo isanakwerenso. Matailosi adikira a ku Kasungu ndi a ku Mzuzu. Mmisiri akufunsanso zolemba pamwala: dzina lonse, chaka chobadwa, chaka chomwalira ndi vesi. Chaka chobadwa ndani akudziwa bwinobwino?

18:31 Amalume: Pa chiphaso analemba 1938, koma iwo ankati pa njala ya 1949 anali kale ndi msinkhu wosinja pamtondo ndi kubereka mwana kumbuyo. Ndikafunsa ku mpingo, kaundula wa ubatizo alipo.

18:33 Amayi Aang'ono: Vesi ndisankha ine, ndimadziwa imene ankaikonda. Nanga a ku Mzuzu? Abwezedwa m'mawa, matiki achita buluu. K150,000.

18:49 A ku Mzuzu: Moni nonse. Foni inali ndi ana. Nditumiza theka Lachisanu.

18:50 Msungichuma: Lachisanu liti, lino?