Oil wachita makwinya, acrylic akumatuka, chionetsero chayandikira

Wojambula wa ku Zomba: Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Ndikupanga zithunzi zanga za maloto zija mwa decalcomania, ngati Max Ernst, wojambula wa ku Germany: kupaka oil (penti ya mafuta) wokhuthala, kukanikiza ndi galasi, kenako kumatula kuti patuluke timapanga ndi timizu. Pansi pali gesso (penti yoyera yoyambira kupaka pa kanivasi) ndi acrylic (penti ya madzi youma msanga). Zinatuluka bwino zedi koma pano pamwamba pachita makwinya, ukadina ndi chala mkati ndi phala. Pomwe ndinabwereza ndi acrylic wakuda kuti nkhope zioneke pakusendeka. Ndingopaka vanishi?

Madala a ku Ndirande: Gesso wake uti? Ngati ndi PVA ya pakhoma, mwina vuto ndi limenelo.

Mayi a ku Area 25: Vanishi ayi achimwene, chonde. Oil wokhuthala chonchi amafuna miyezi 6 kapena kuposerapo. Makwinyawo ndiye kuti linseed, mafuta osakaniza mu oil aja, anachuluka, pamwamba pauma, pansi pakadali paliwisi. Ndiye nyengo ya mvula ino, chinyezi chimachedwetsa kuuma. Komanso acrylic sagwira pamwamba pa oil. Oil pamwamba pa acrylic ndiye zimatheka.

Wojambula wa ku Zomba: Gesso weniweni madala, wa m'chitini.

Madala a ku Ndirande: Ambiri amatero, kenako umapeza anasakaniza ndi PVA kuti achuluke.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Musayanike padzuwa. Mnzanga wina anaika chake padenga la malata, madzulo chinali chitang'aluka paliponse, fumbi ndi tizilombo zitakakamira. Wogula anabweza. Pafupi ndi mbaula ndi chimodzimodzi. Palafini osayesa n'komwe.

Achemwali a ku Tete: Óscar Domínguez, wojambula wa ku Spain amene anafalitsa njirayi mu 1936, ankagwiritsa gouache papepala, penti ya madzi youma tsiku lomwelo. Ernst ndi amene anaipititsa pa oil, onani chithunzi chake Europe After the Rain II cha 1940 mpaka 1942. Koma nkhope zanu zothithikanazo, maso ponseponse, ine ndikuonapo Malangatana, wojambula wa ku Matalana ku Mozambique, kuposa Ernst. Malangatana uja PIDE, polisi yachinsinsi ya atsamunda a ku Portugal, inamutsekera miyezi 18 kuyambira 1964, mantha a m'zithunzi zake sanali a maloto okha.

Mayi a ku Area 25: Zoona achemwali. Ana athu amaloweza azungu okhaokha pomwe Malangatana ali pakhomo pompa. Achimwene, palani acrylic yense ndi palette knife, kampeni kosakanizira penti, pang'onopang'ono, osakhudza oil. Pa makwinya akuluwo palibe mankhwala, muyenera kupala mpaka pansi. Mukamabwereza, chepetsani mafuta m'munsi, onjezerani pamwamba, ndipo zinc white musiyeni, amang'aluka akakalamba. Ngati nthawi yatha pangani china cha acrylic yekha, ichi chidikire.

Madala a ku Ndirande: Ine ndayamba kujambula ena musanabadwe. Tembenuzani kanivasiyo, ngati mafuta adutsa kumbuyo mwina ndi PVA.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Kodi linseed wabwino mukumupeza kuti masiku ano? Kuno tikungodalira obwera kuchokera ku Joni.