Plank ikuwapweteka msana kasitomala wanga, mimba ikutukumuka pakati

Kochi wa ku Area 25:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi mayi ena, anachira pa opareshoni miyezi 5 yapitayo, mwana wachitatu. Akufuna mimba ibwerere. Ndinawaika pa plank ya pa zigongono (kuyedzamira pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili njo osasuntha), maseti 3 a masekondi 30. Ino ndi sabata yachitatu koma sakufika ndi 15 omwe, chiuno chimagwa, akuti msana wa m'munsi ukuwotcha. Dzulo ndinawagoneka chagada kuti achite crunch (kudzutsa mutu ndi mapewa pofinya mimba), pakati pa mimba kuyambira pa mchombo kukwera m'mwamba panatukumuka ngati mzere wa mbatata. Kaimidwe ka thupi ndakonza, ndakuwa mpaka mawu kusasa kuti finyani matako. Analipira mwezi wonse ndipo ayamba kundiyang'ana ngati ntchito sindiidziwa. Nditani?

Wa Zitsulo:
Core, minofu ya mimba ndi msana, ndi yofooka basi. Awonjezereni nthawi. Kwanga munthu sadzuka pansi mphindi 2 zisanakwane. Kuwawako ndiye kuti zikulowa.

Mayi Fiziyo:
Achimwene, imitsani plank ndi crunch lero lomwe. Mzere mukunenawo ukumveka ngati diastasis recti, minofu iwiri ya kutsogolo kwa mimba inatalikirana nthawi ya pakati ndipo siinabwerere bwino. Agone chagada, mawondo opinda, adzutse mutu pang'ono, zala zilowe pamwamba ndi pansi pa mchombo. Zikalowa zoposa ziwiri, kapena zikamira ngati mukugwira phala, mpata ulipo. Koma inu ndinu bambo, musakagwire mimba ya mkazi wa mwini mu jimu. Awonetseni adziyeze okha. Afunseninso mwaulemu ngati mkodzo umadontha akatsokomola kapena akadumpha, komanso ngati akumva kulemera kumusi. Akavomera chimodzi mwa izi, kapena mchombo weniweniwo ukatupa, si ntchito yanunso. Apite ku fiziyo ku Kamuzu Central, kutupa kwa mchomboko kukhoza kukhala hernia, zam'mimba kutulukira pamene minofu yafooka.

Wa Zitsulo:
Amayi, inu chilichonse ndi kuchipatala. Agogo athu ankabereka ana 9 n'kumasenza ndowa, anayezedwa ndi zala za ndani? Mphindi 2, muona.

Aerobics Zomba:
Kkkk agogowo mkodzo ankakuuzani inu? Ine nkhani yowerenga mphindi ndinasiya kalekale. Chaka china tinachita challenge ija ya masiku 30 yotchuka pa Facebook, gulu la m'mawa. Bambo wina wa ku ofesi, wa mimba yake ndithu, anafuna aonetse atsikana kuti akadali mnyamata. Anabanika mpweya, nkhope kufiira, podzuka anangoti khu! pa simenti. Kumupepesa ndi madzi, ndiye mkazi wake pa foni akutiuza kuti mankhwala a BP anasiya sabata ziwiri zapitazo. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ali pa plank amawerenga mokweza, ndimve kuti akupuma. Wokhala chete ndimamudzutsa.

Mkulu wa ku Ndirande:
Za BP zo n'zoona, komatu musawaopseze anthu mopitirira. Mu 2023 British Journal of Sports Medicine inatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti masewero ongogwira osasuntha, makamaka wall sit (kutsamira khoma ngati wakhala pa mpando), amatsitsa BP bwino kuposa mitundu ina. Choopsa ndi kugwira mpweya. Pa za nthawi, Stuart McGill, amene anali pulofesa wa za msana pa yunivesite ya Waterloo ku Canada, amaphunzitsa kugwira masekondi 10 okha, kupuma, kubwereza. Masewero ake atatu: curl-up (kudzutsa mutu ndi mapewa pang'ono uli chagada), side plank (plank ya cham'mbali) ndi bird dog (kugwada ngati ukukwawa n'kutambasula dzanja ndi mwendo wa mbali ina). Ine okalamba anga onse ndi wa matola wina amene msana unamuvuta ali pa zimenezi.

Wa Zitsulo:
Masekondi 10? Ndiye munthu walipirira chiyani? George Hood wa ku America anagwira plank maola 8 ndi mphindi 15 ali ndi zaka 62. Ife tikuopa mphindi 2.

Mkulu wa ku Ndirande:
Aise, George Hood anali msilikali wa Marines, sanachitidwe opareshoni ya mwana miyezi 5 yapitayo.

Mayi Fiziyo:
Chiuno chikagwa ndiye kuti mimba yasiya ntchito, thupi lapachikika pa msana. Masekondi onse otsatirawo mukuphunzitsa msana kupweteka. Mayiwo ayambe ndi kupuma: agone, potulutsa mpweya akokere mchombo mkati pang'onopang'ono n'kufinya kumusi ngati akugwira mkodzo. Kenako heel slide (kukhwekhwereza chidendene pansi ali chagada), bridge (kukweza chiuno ali chagada), bird dog. Plank ibwere pambuyo, manja pa khoma, kenako pa benchi, kenako pa mawondo. Mzere uja ukaonekera, bwererani sitepe imodzi. Curl-up ya McGill nayonso adikire nayo. Podzuka pa mat azigudubukira cham'mbali, asamadzuke chagada. Chilonda chikamakoka kapena kulasa, asiye.

Kochi wa ku Area 25:
Zikomo amayi. Vuto ndi loti iwo akufuna mimba ichepe usanafike ukwati wa mng'ono wawo. Ndikawauza kuti lero tingopuma andiona bwanji?

Aerobics Zomba:
Auzeni zoona, plank siisungunula mafuta a pa mimba ngakhale agwire tsiku lonse. Koma musawadulire nsima mwachisawawa, akuyamwitsa. Ine wina anandithawa chifukwa cha chilungamo chomwechi, anakagula lamba wa pa mimba ndi tiyi uja wa pa WhatsApp. Anabwerera patatha miyezi iwiri, ngongole yanga sanamalizebe.

Wa Zitsulo:
Nonsenu mukuwalera makasitomala. Ine zaka 14 mu jimu, palibe anafa ndi plank. Mphindi 2.

Mkulu wa ku Ndirande:
Amene msana unawapweteka sabwera kudzakuuzani bwana, amangosowa. Ena ali kwa ine kuno.

Aerobics Zomba:
Eeh, zayamba kkkk. Tisanapitirire, ndani akudziwa kopeza ma mat okhuthala ku Limbe? Anga aja a mu kaunjika atha, anthu zigongono zikusupuka pa simenti.

Wa Zitsulo:
Ayale katoni.