Maelekitironi akubwerera ku roketi mafunde a VLF asanapangike

Wokonza mfuti ya maelekitironi: Anzanga, ndikupempha nzeru. Tikukonza roketi yofufuzira yomwe idzatulutse maelekitironi a mphamvu ya 1 keV pa karenti ya 100 mA, mfuti ikuyaka ndi kuzima ka 3,000 pa sekondi, kuti tipange mafunde a wailesi a VLF (ogunda pang'onopang'ono kwambiri) otchedwa whistler, a 3 kHz, mu ionosphere, gawo lakumwamba kwambiri la mlengalenga lomwe lili ndi plasma (mpweya wokhala ndi chaji ya magetsi). Kompyuta ikusonyeza kuti maelekitironi ambiri akubwerera ku thupi la roketi, ndipo mafundewo akutuluka ofooka kwambiri.

Katswiri wa plasma: Akulu, mfuti yanu ilibe vuto. Chombo chikataya maelekitironi chimatsala ndi chaji ya pozitivu, kenaka chimayamba kukoka omwe chatayawo. Mpira wachitsulo wa mita imodzi kuchokera pakati kufika kunja uli ndi pafupifupi 110 pF (muyeso wa kuthekera kwake kosunga chaji), choncho pa 100 mA umafika 1,000 V, yokwanira kubweza maelekitironi a 1 keV, m'maikrosekondi imodzi yokha ngati sukulandira maelekitironi ena, pamene mfuti yanu imakhala yoyaka maikrosekondi pafupifupi 170 ulendo uliwonse. Plasma yozungulira imabwezako ena, koma usiku imachepa ndipo singakwanitse. A SEPAC, gulu lomwe linayesa mfuti ya maelekitironi pa chombo cha mlengalenga, anakumana ndi zomwezi pa ulendo wa Spacelab 1 mu 1983, ndipo chaji inkatsika akatulutsa plasma pamodzi ndi maelekitironiwo. Ikani chotulutsira plasma ya mpweya wa xenon, chiziyamba kugwira ntchito mfuti isanayake.

Woyang'anira zoyezera mafunde: Ndikugwirizana nawo mayiwa, koma plasma imeneyo ili ndi phokoso lake, lomwe lingaphimbe chomwe mukufuna kumva ngati choyezera chili pa thupi lomwelo. Pa ulendo wa Spacelab 2 mu 1985, chipangizo choyezera plasma cha PDP cha University of Iowa chinamasulidwa ku chombo cha Challenger n'kuyeza chili chapatali, ndipo ngakhale pamenepo mphamvu yomwe inasanduka mafunde inali kachigawo kakang'ono kwambiri ka mphamvu ya mfuti. Chondidetsa nkhawa n'chakuti maelekitironi amakankhana ndipo liwiro lawo silifanana, kotero magulu amene mwawadula bwino amamwazikana akamapita kutali. Choyezera chikhale pa gawo lodzipatula, pafupi ndi mzere wa maginito a dziko lapansi womwe mukuwombera, chifukwa mafunde a whistler amakonda kutsata mzerewo.

Wokonza mfuti ya maelekitironi: Zikomo nonse. Ndiwerengeranso ndi chotulutsira xenon, ndichepetsenso nthawi yomwe mfuti imakhala yoyaka, kenaka ndiyese kupendeketsa mfutiyo mosiyanasiyana poyerekeza ndi mzere wa maginito. Mayi, nditumizireni kulemera kwa thanki ya xenon, chifukwa gawo lodzipatulalo latenga kale malo ambiri.